Mdani asamakule nafe limodzi

Ndatopa ndi momwe ife okonda magemu mu Limbe muno ndi m'Blantyre monse timayezera gemu ya RPG. Tikakumana, mafunso ndi omwewomwewo: zithunzi zake n'zowala bwanji, mapu ake ndi aakulu bwanji, imatenga maola angati kuti uimalize, ndipo pamwamba pa onsewo, "Aise, uli pa levulo chani?" Wina akayankha kuti 60, anzake amamupatsa ulemu nthawi yomweyo. Funso lokhala ndi mutu silifunsidwa: kodi pa levulo 60 ukutha kuchita chiyani chomwe chinkakukanika uli pa levulo 5? M'magemu ambiri otchuka a masiku ano yankho loona ndi lakuti palibe. Mmbulu womwe unkafa ukautema kanayi pachiyambi ukufabe ukautema kanayi, chifukwa pamene iwe unkakwera, nawonso unkakwera mwakachetechete. Nambala yakula, koma wosewera ali pomwe anali. Ine ndikuti kumeneku ndi kulephera kwa luso, ndipo tileke kukuombera m'manja.

Chondipweteka n'chakuti ife kuno tinayamba ndi diso labwino pa nkhaniyi. Ambirife sitinakulire pa RPG. M'timashopu ta magemu ta ku Ndirande, ku Bangwe kapena kuseri kwa msika wa Limbe, munthu amalipira gemu imodzi kapena mphindi zowerengeka, ndiye zomwe zimayenda ndi FIFA, PES ndi Mortal Kombat. Nkhani yofuna masabata siingakwane pa benchi pomwe anthu ena akudikira padi. Komabe kukula kwa munthu wa m'gemu tinakuona. Mu Grand Theft Auto: San Andreas ya 2004, CJ akamapita kokanyamula zitsulo, mikono yake inkatupa tikuona, ndipo akamathamanga kawirikawiri ankayamba kufika patali asanapume wefuwefu. Mu God of War ya 2005, ukathira timipira tofiira tija m'mipeni ya Kratos, ankaphunzira kamenyedwe katsopano, ndipo adani omwe ankakuzunguza dzulo ankagwa msanga. Palibe amene ankafunika kutiuza kuti takula. Tinkaona ndi maso, tinkamva m'zala. Malaputopu a kaunjika atachuluka, magemu n'kumayenda pa fulashi kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, tinalandira Skyrim, The Witcher 3 ndi anzawo, ndipo pena pake m'njiramo tinayamba kukhulupirira nambala kuposa maso athu.

Levulo inabadwa ndi ntchito yake. Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974, masewera a pathebulo a mapepala ndi madayisi, anaika lamulo lakuti munthu wako akapulumuka m'mapanga amapeza mapointi, ndipo mapointi akakwana amakwera. M'phangamo, ukamatsikira pansi zilombo zinkaopsa kwambiri. Choncho levulo inali muyeso wa mtunda pakati pa iwe ndi malo omwe sunathe kufikako. Yuji Horii anaimvetsa bwino mfundoyi popanga Dragon Quest mu 1986. Ukangotuluka m'nyumba ya mfumu pachiyambi penipeni, umaona linga la mdani wamkulu, Dragonlord, tsidya la madzi. Lili pafupi, likuoneka, koma sungafikeko. M'manja uli ndi kandodo kapena chibonga, ndipo tizilombo tofewa ta pakhomo pomwepo timatha kukuvulaza. Ukawoloka mlatho, zilombo zimasintha n'kukhala zaukali, ndiye mlatho uliwonse umasanduka funso: kodi ndakonzeka? Gemu yonse ndi ulendo wozungulira dziko kuti ukafike pamalo omwe unawaona m'mphindi yoyamba. Makina a Famicom, omwe gemuyi inkayendapo, anali ofooka kuposa foni yotchipa kwambiri yomwe mungagule mu Limbe lero, koma Horii anali ndi chinthu chomwe makampani a ndalama zankhaninkhani ataya: dziko loima chilili, kuti wosewera adziyezerepo.

Mfundo yanga yagona pamenepa. Kukula kumaoneka pokhapokha pali china chomwe sichikukula. Dziko la m'gemu likamakwera limodzi ndi wosewera, levulo imatha ntchito.

Gemu yomwe inaonetsa poyera kuipa kwa njirayi ndi The Elder Scrolls IV: Oblivion, yomwe kampani ya Bethesda inatulutsa mu 2006. Cholinga chawo chinali chabwino: ankafuna kuti munthu apite kulikonse m'dziko la Cyrodiil nthawi iliyonse osakumana ndi chomutsekereza. Ndiye anamangirira pafupifupi chilichonse ku levulo ya wosewera. Ukakhala wamng'ono, m'tchire mumadzaza makoswe ndi mimbulu. Ukakwera, mimbulu ija imasowa, m'malo mwake mumabwera zimbalangondo ndi zimphona. Achifwamba a m'misewu, omwe poyamba ankavala zikopa, amayamba kuvala zida zankhondo zodula kwambiri m'dziko lonselo. Ndiye umakumana ndi chigawenga pamsewu, chitavala chuma chokwana kugulira nyumba, chikukuopseza kuti uchipatse makobidi 100. Ngakhale mphatso zinkatsata levulo: lupanga lotchuka ukalipeza msanga linkakhala lofooka mpaka kalekale, moti osewera anayamba kuzengereza dala ntchito zina kuti adzalandire mphatso yabwinopo. Choipitsitsa chinali chakuti levulo inkakwera ndi luso lililonse mwa maluso asanu ndi awiri omwe unasankha kukhala aakulu, kuphatikizapo kuthamanga, kulankhula ndi kuchita malonda. Munthu wako akakhala katswiri wotsatsa malonda, adani ankalimba ngati waphunzira nkhondo. Unkagona tulo kuti ukwere levulo, n'kudzuka uli wofooka kuposa dzulo.

Mmalawi safunika kumufotokozera zimenezi kawiri. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anakwezeredwa malipiro m'nyengo imeneyo anaona nambala yaikulu papepala, koma atafika pa msika wa Limbe anabwerako ndi jumbo yopepuka kuposa kale. Oblivion imamuchita wosewera chimodzimodzi. Ndipo ngati pali chinthu chomwe munthu wa m'tauni muno sayenera kuchilipirira kuti akachipeze m'dziko la zinjoka ndi malupanga, ndi chimenechi.

Umboni woti njirayi ndi yopotoka ndi zomwe osewera aluso amachita nayo. Mu Oblivion anthu anaphunzira kusankha maluso omwe sadzawagwiritsa ntchito kuti akhale maluso awo aakulu, n'cholinga choti levulo isakwere. Mu Final Fantasy VIII ya 1999, momwe adani amatsata levulo ya gulu lako, akatswiri amasandutsa adani kukhala makhadi kuti asalandire XP, mapointi okwezera levulo, chifukwa kukhala pa levulo yotsika ndiko kumapeputsa gemu. Taganizani bwino: gemu yamangidwa pa lonjezo la kukula, koma wosewera wanzeru akuthawa kukula. Wopanga gemu akaona zimenezi ayenera kudziwa kuti maziko alakwika.

Tsopano ndikambe za njira yomwe ndimaikonda, ndipo ndiikamba motalika chifukwa ndi yoyenera kutero. Ndi ya mdani woikidwa ndi dzanja, pamalo amodzi, ndi mphamvu zosasintha, dala kuti akugonjetse lero ndi kukudikira mawa.

Mu Elden Ring, yomwe FromSoftware inatulutsa mu Febuluwale 2022 motsogozedwa ndi Hidetaka Miyazaki, umakankha chitseko cholemera n'kutulukira m'dera la Limgrave. Kutsogolo kuli mtengo waukulu wowala ngati golide, udzu ukugwedezeka, ndipo chapansipo pali kachisi wogumuka wotchedwa Church of Elleh, komwe aliyense amafuna kupita. Pakati pa iwe ndi kachisiyo pakuyenda msilikali wa pakavalo, Tree Sentinel. Iye ndi kavalo wake avala golide, dzanja lina lanyamula chishango chachikulu, lina chinkhwangwa cha mpini wautali. Sakukusaka. Akungoyenda pang'onopang'ono m'njira yake, kupita ndi kubwerera. Pafupifupi aliyense amene wazolowera magemu ena amaganiza kuti mdani woyamba ndi wophunzirirapo, ndiye amamuthamangira. Kavalo amadzuka ndi miyendo yakutsogolo, chinkhwangwa chimatsika kamodzi kapena kawiri, basi zatha. Gemu siinalembe chenjezo lililonse, koma yaphunzitsa zinthu zitatu nthawi imodzi: dziko ili silinapangidwire msinkhu wako, kuzemba si manyazi, ndipo pali ngongole yomwe udzabwere kudzabweza.

Ndiye umawerama, n'kudutsa m'zitsamba chakumbali, mtima uli m'mwamba, mpaka kukafika kwa wamalonda Kalé m'kachisi muja. Pambuyo pake umapeza kavalo wako, Torrent. Umapita kumwera ku Weeping Peninsula komwe adani ndi ofewerapo, umanola lupanga kwa wosula, umathira ma rune, mapointi a m'gemuyi, m'mphamvu ya thupi. Nthawi yonseyi msilikali uja ali pomwe unamusiya, sanawonjezere kanthu, sanachepetse kanthu. Tsiku lomwe umabwerera, nkhonya yomwe inkakupha kamodzi tsopano ikungokudula theka la moyo, ndipo maso ako aphunzira kuona pomwe phewa lake likuyamba kutembenuka. Akagwa, n'kukusiyira chinkhwangwa chake chagolide, chimwemwe chake n'chachikulu chifukwa ukudziwa ndithu kuti amene wasintha ndi iwe. Mdaniyo wagwira ntchito ya sikelo. Akanakhala wotsata levulo yako, kumugonjetsa pa ola loyamba ndi pa ola la makumi awiri kukanakhala chinthu chimodzi, ndipo maola onse apakatiwo akanakhala opanda umboni.

Njirayi ili ndi malamulo ake, ndipo apa ndi pomwe pamaonekera mmisiri weniweni. Loyamba, ngozi iwoneke ndi maso isanakugwire. Kukula kwa thupi, mtundu wa zida, kayendedwe, ngakhale maonekedwe a dera, zonsezi zizilankhula. Mu Elden Ring momwemo, ukalowera kum'mawa ku Caelid, thambo limafiira, nthaka yavunda, agalu ndi akhwangwala ndi aakulu modabwitsa. Palibe amene amafunika nambala kuti adziwe kuti wafika msanga. Lachiwiri, pakhale pothawira. Mdani wamphamvu woima pakhomo lokhalo lomwe lilipo ndi nkhanza chabe, koma woima pambali pa njira zina ziwiri ndi mphunzitsi. Mu Dark Souls ya 2011, pa Firelink Shrine pali njira zingapo. Ukalowera kumanda, mafupa a anthu akufa amadzuka n'kukukhapa. Ukatsikira ku New Londo, umapeza mizukwa yomwe lupanga wamba limangoidutsa. Ukakwera masitepe opita ku Undead Burg, umapeza adani a msinkhu wako. Gemu imakulola kulakwitsa, ndipo kulakwitsako ndiko kumakulozera njira. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Lachitatu, mdaniyo akhalepobe. Usamuchotse, usamusinthe, usamufewetse wosewera akafa kambiri. Iye ndi lonjezo, ndipo lonjezo silisunthidwa.

Ngakhale Bethesda yomweyo inaphunzirapo kanthu. Mu Skyrim ya Novembala 2011 anasiyabe zambiri zikutsata levulo, ndipo aliyense amene anataya nthawi yake akusula mipeni m'tauni amadziwa momwe akufa a m'manda akale aja amamulandirira akabwerera. Koma anaika malire m'mapanga ambiri, ndipo zinthu zina anazisiya zosasintha. Funsani aliyense amene anasewera Skyrim kuti akukumbuka chiyani. Sadzatchula phanga la nambala 40 lomwe linali lofanana ndi la nambala 4. Adzatchula chimphona cha m'chigwa cha pafupi ndi Whiterun, kapena chilombo cha m'chipale chija chomwe chimadikira panjira yokwera ku High Hrothgar.

Ndaonapo chimphona chimenechi chikugwira ntchito yake m'kachipinda ka lendi ku Zingwangwa. Laputopu ili pampando, yatsamira buku kuti ipume mpweya, fani yake ikulira, anyamata akhala pabedi ndi pansi, mmodzi yekha ndiye ali ndi mbewa ya kompyuta m'manja. Wangopha chinjoka chake choyamba ndipo akudzimva. Akuona chimphona chikuweta njovu zaubweya pafupi ndi moto, n'kunena kuti, "Ichi ndiye chochepa, man." Anzake omwe anadutsamo kale akungoyang'anizana, osamuletsa. Muvi woyamba ukulasa, koma mzere wofiira wa moyo wa chimphonacho sukusuntha n'komwe. Chikutembenuka, chikuyenda masitepe atatu, chibonga chikutsika, ndipo munthu uja akuuluka m'mwamba mpaka dziko lonse la Skyrim likuoneka pansi pake. Chipinda chonse chinaphulika ndi phokoso. Koma chomwe ndinasunga ndi mawu ake phokoso litatha: "Chimenechi ndidzachibwerera." Gemu inali itamupatsa chifukwa chokwerera levulo, chifukwa chokhala ndi nkhope ndi malo. Palibe mndandanda wa ntchito pa sikirini womwe ungapose pamenepo.

Amene alibe laputopu asaganize kuti nkhaniyi yawapitirira. Pa foni wamba yokhala ndi PPSSPP mumayenda Monster Hunter Freedom Unite, gemu ya Capcom ya pa PSP, ndipo m'menemo muli phunziro lomweli. Pa ntchito ina yoyambirira umatumidwa kuphiri lachipale kukatenga malilime a nyama zofatsa, ndipo mwadzidzidzi pamatulukira Tigrex, chilombo chomwe sungachithe pa nthawiyo. Umathawa. Pambuyo pa maulendo ambiri umatumidwa kukachisaka chomwecho. Mlenje wa m'gemuyi alibe n'komwe levulo ya mphamvu za thupi. Chomwe chimakula ndi zida zomwe wasula kuchokera ku zikopa ndi mafupa a zomwe wapha, komanso nzeru za zala zako.

Mbali yachiwiri ya luso limeneli ndi yakuti levulo izisintha zomwe munthu amachita, osati kuchuluka kwa manambala kokha. Pa ichi palibe wopambana kampani ya ku Germany ya Piranha Bytes ndi Gothic yawo ya 2001. M'gemuyi ukakwera levulo umalandira mapointi ophunzirira, ndipo uyenera kukapeza mphunzitsi m'misasa ya m'dzikomo. Usanaphunzire, munthu wako amagwira lupanga laling'ono ndi manja awiri, n'kumaligwetsa mwaulesi. Mphunzitsi akamuuza kagwiridwe koyenera, thupi lake limasintha pa sikirini: dzanja limodzi, kutema kofulumira, nkhonya zolumikizana. Kukula kwalowa m'mafupa. Baldur's Gate 3 ya kampani ya Larian ya ku Belgium, yomwe inatuluka mu 2023, imathera pa levulo 12 basi, koma iliyonse imamveka. Pa levulo 5 wankhondo amayamba kumenya kawiri pomwe ankamenya kamodzi, ndipo wamatsenga amapeza mpira wamoto wotha kupsereza gulu lonse. Malevulo 12 otere amalemera kuposa 100 omwe iliyonse imangowonjezera pang'ono pa zomwe unali nazo kale. World of Warcraft inafika pa levulo 120, ndipo mu 2020 eni ake a Blizzard anaidula kubwerera pa 60. Manambala anali atatupa mpaka kutaya tanthauzo.

Njira zina zonse sindizipatsa nthawi yambiri. Kukweza kuvuta mwa kungochulukitsa moyo wa mdani, monga Legendary ya mu Skyrim momwe nkhonya yako imatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi pomwe ya mdani imachuluka katatu, ndi ulesi: mdani ndi wopusa yemweyo, wangotalikitsa ntchito. The Witcher 3 ya 2015 ndi gemu yokoma nkhani, koma kuuza Geralt, mlenje wa zilombo wa zaka zambiri, kuti sangagwire lupanga lina chifukwa nambala yake siinakwane, n'kuika chigaza chofiira pamutu pa chigawenga wamba, ndi kuika chikwangwani pomwe panafunika luso. Genshin Impact ya 2020, yomwe ambiri amaithira bandulo, imakweza dziko lonse iwe ukakwera, kuti njala ya zida zatsopano isathe ndipo dzanja lipite m'thumba. Assassin's Creed Odyssey ya 2018 inafika pogulitsa ndi ndalama zenizeni chofulumizitsa XP. Kampani ikamagulitsa njira yodumphira gemu yake yomwe, yavomera yokha kuti ulendowo inautalikitsa dala. Zimenezi zimandikwiyitsa, chifukwa amene amapwetekedwa kwambiri ndi wosewera wa ndalama zochepa, amene kuno ndi pafupifupi tonse.

Ndikudziwa zomwe otsutsa anganene, ndipo zina zili ndi nzeru. Amati kuno nthawi yosewera ndi yochepa: magetsi amazima pakati pa nkhondo, batire ya laputopu yakale siikhalitsa, padi ndi yobwereka. Bwanji osalola gemu kudzifewetsa kuti munthu aone zambiri msanga? Ine ndikuona mosiyana. Amene nthawi yake ndi yodula ndiye woyenera kwambiri kuti ola lake lisiye chizindikiro. Akasewera Loweruka n'kudzabwereranso Loweruka linalo, apeze kuti zomwe anavutikira zija zilipo ndipo zikugwira ntchito, kuti njira yomwe inali yoopsa tsopano akuidutsa mutu uli m'mwamba. Gemu yotsata levulo imamubera chimenechi, n'kumupatsa ola lofanana ndi la sabata yatha.

Amatinso dziko losasintha limafewa kwambiri ukakula, moti madera oyamba amasanduka opanda ntchito. Inde amafewa, ndipo kufewako ndiye malipiro ake. Kubwerera kumudzi woyamba n'kuona zilombo zomwe zinkakuthamangitsa zikugwa ndi nkhonya imodzi ndi chimodzi mwa zokoma zazikulu za mtundu uwu wa magemu. Mmisiri wabwino amangoonetsetsa kuti adani ofooka asamapereke XP yambiri, ndipo amabisa m'madera oyambawo zitseko zingapo zomwe zimatseguka mochedwa. Za anzako a malevulo osiyana omwe akufuna kusewera limodzi pa intaneti, Guild Wars 2 ya 2012 inapeza yankho labwinopo: imatsitsa wamphamvuyo akalowa m'dera la ofooka, dziko n'kukhala momwe linalili.

Ndisamveke ngati ndili kumbali ya aja amanyoza anzawo osewera pa Easy. Ayi ndithu. Munthu amene wasankha yekha, maso ali poyera, kuti gemu imufewere chifukwa cha msinkhu, chilema, kutopa kapena kungofuna nkhani, sananamizidwe ndi aliyense. Chomwe ndikudana nacho ndi dzanja lobisika lomwe limasuntha sikelo iwe osadziwa. Ndiponso sindikunena kuti dziko losasintha lililonse ndi labwino. Gemu yomwe imakukakamiza kuzungulira pamalo amodzi kupha tizilombo tomwetomweto mpaka nambala ikwane yalephera mofanana, chifukwa yasandutsa kupirira kukhala luso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pakhale maso oti uwaone pamapeto pake. Mdani woikidwa bwino amagonja ku zinthu ziwiri, mphamvu za munthu wa m'gemu ndi nzeru za wogwira padi, ndipo wosewera ndiye amasankha kuti adalire chiti. N'chifukwa chake pali anthu omwe amamaliza Dark Souls osakwera levulo ngakhale imodzi, pomwe ena amaimaliza atakwera kwambiri, ndipo onsewo apambana moona.

Nkhaniyi ndikuikamba ndi mtima wonse chifukwa sitidzakhala ogula okha mpaka kalekale. Ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, kampani ya Kiro'o Games ya Olivier Madiba inatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016, RPG yozikidwa pa zikhalidwe za mu Africa. Zida monga Godot ndi Unity zikupezeka kwa aliyense wokhala ndi kompyuta, ndipo pakati pa achinyamata omwe akuphunzira za makompyuta ku MUBAS ndi m'makoleji ena a mu mzinda uno alipo omwe akulota zopanga gemu yawoyawo. Nthano tili nazo zokwanira: Napolo wotsika m'phiri ndi madzi, mizimu ya pa Sapitwa, afisi otumidwa usiku, ndondocha. Mantha anga ndi akuti gemu yoyambayo idzavala nkhope ya kwathu koma mkati mwake mudzakhala makina okopera ku magemu a pafoni, momwe Napolo wa pa levulo 3 amagonja kwa mwana wongoyamba kumene chifukwa kompyuta yamuchepetsa kuti akwane. Napolo wotero si Napolo. Chinthu choopsa chomwe chimadzichepetsa kuti chifanane ndi msinkhu wa aliyense chataya ulemu wake, ndipo nthano yake yafa nacho.

Kutsata levulo kumakopa wopanga gemu chifukwa ndi kotchipa: umalemba lamulo limodzi la masamu, dziko lonse n'kudzikonza lokha. Kuika adani ndi dzanja kumafuna kuti uyende m'dziko lako phazi ndi phazi, uganize kuti wosewera adzachokera kuti, adzaona chiyani poyamba, adzathawira kuti, adzabwerera liti. Koma gulu laling'ono lopanga dziko laling'ono ndi lomwe lingathe ntchito imeneyi bwino kuposa kampani yaikulu yokhala ndi mapu osatha. Choncho kwa mlongo kapena mbale amene wayamba kujambula mapu ake, malangizo anga ndi awa. Chepetsa malevulo, ndipo iliyonse ipatse wosewera chochita chatsopano chooneka ndi maso. M'mphindi khumi zoyamba muonetse chinthu chomwe sangachigonjetse, umupatse njira yochizemba, ndipo usachikhudzenso. Kenaka upatse gemuyo munthu amene sanaionepo, ukhale chete, umuyang'ane akusewera. Akafa n'kuponya padi pansi osafunanso, wamuikira mdani pakhomo lokhalo, kakonze. Akadutsa paliponse osachita mantha ngakhale kamodzi, dziko lako lilibe msana, kakonzenso. Koma akafa, n'kukhala kaye phee, kenaka n'kufunsa kuti njira ina ili kuti, ntchito wayigwira, pitiriza kumanga dera lachiwiri.